Chilombo chachitsulo cha m'vidiyo chinabadwa ndi ndalama zochepa

TETE — Chaka cha 2029 sichili patali. Kwa alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde chidzakhala chaka ngati zaka zina zonse, cha mvula, feteleza ndi mtengo wa mbatata ya kachewere. Koma kwa aliyense amene anakhalapo pa benchi m'kanyumba koonetseramo vidiyo, chakachi chili ndi mbiri ina. Ndicho chaka chimene, m'filimu yotchedwa The Terminator, makina amakhala atalanda dziko lonse lapansi, anthu otsala akubisala m'mabwinja.

Filimuyi inatuluka ku America pa 26 Okutobala 1984. Ku Portugal anaipatsa dzina lakuti O Exterminador Implacável, ku Brazil O Exterminador do Futuro. Kuno kumalire anthu ambiri samavutika ndi mayina onsewa. Amangoti ndi filimu ya Komando, chifukwa mwamuna wamkulu thupi amene amasewera m'menemo, Arnold Schwarzenegger, anatchuka ndi filimu ina ya 1985 yotchedwa Commando, ndipo dzinalo linamukanirira.

Chimene oonera ambiri sadziwa nchakuti filimu imeneyi inali ya anthu osauka, tikayerekeza ndi anzawo a ku Hollywood. Anaipanga ndi madola 6.4 miliyoni. Kwa munthu wogulitsa chimanga pa chitini, ndalama zimenezi nzosawerengeka, koma m'chaka chomwecho filimu ina yonena za m'tsogolo, Dune, inadya madola pafupifupi 40 miliyoni ndipo sinabweze ndalama zake m'nyumba za kanema. The Terminator inabweretsa madola oposa 78 miliyoni. Kuchokera pamenepo panabuka mtundu wonse wa mafilimu otsika mtengo a maroboti ndi maulendo obwerera m'mbuyo mwa nthawi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene anadzaza mashelefu a eni mavidiyo.

Nkhani yake

Kwa amene anaionera m'Chingerezi chosamveka, pakati pa phokoso la jenereta, nkhani yake ili motere. Asilikali a ku America amapereka ulamuliro wa zida zawo zonse kwa kompyuta yotchedwa Skynet. Kompyutayo imayamba kuganiza payokha, imaona kuti mdani wake ndi munthu aliyense, ndipo imaponya mabomba a nyukiliya. Anthu opulumuka amasonkhana pansi pa mtsogoleri wotchedwa John Connor, ndipo pofika 2029 amakhala atatsala pang'ono kupambana.

Apa mpamene kompyuta imachita zachilendo. Itaona kuti John siingamuthe pankhondo, imatuma roboti yovala mnofu ndi khungu la munthu kuti ibwerere ku chaka cha 1984, mumzinda wa Los Angeles, ikaphe mayi ake, Sarah Connor, asanatenge pathupi. Nayenso John amatuma msilikali wake, Kyle Reese, kuti akateteze mayiyo.

Akuluakulu a mbumba za Achewa sangavutike kumva nzeru ya kompyutayi. Siinafune bambo, inafuna mayi. Kumene ufumu umatsata bele, aliyense amadziwa kuti kupha mfumu sikuthetsa ufumu, chifukwa mwana wa mlongo wake alipo. Chimene chimathetsa mtundu ndi kutha kwa akazi. Angoni a ku Angónia, amene amawerenga mtundu kuchimuna, akhoza kutsutsa, koma m'filimuyi mlandu unagamulidwa mokomera akuchikazi.

Pali kanthu kena kamene anthu a zaka za nkhondo amakamva msanga. Chifukwa mapepala onse anapsa pa nkhondo ya mabomba ija, robotiyo imafika isakudziwa nkhope ya Sarah, ikungodziwa dzina ndi mzinda. Imatsegula buku la manambala a telefoni, imapeza akazi atatu a dzina limodzi, ndipo imayamba kuwapha mmodzimmodzi motsatira mndandanda. Awiri oyamba amafera dzina chabe. Wachitatu, mtsikana woperekera zakudya m'lesitilanti, ndiye amene ankafunidwa. M'midzi imene a Phiri ndi a Banda ali khomo lililonse, ndiponso imene anthu ambiri anataya makalata awo obadwira pothawa, nkhani yofera dzina la mnzako si yoseketsa.

Zotsatira zake ndi kuthamangitsana kosalekeza. Robotiyo imalowa mu polisi ndi galimoto nkupha apolisi ochuluka. Zipolopolo siziigwetsa. Amene amaizindikira kuti si munthu ndi agalu okha, amene amauwa akaiona. Lole ya mafuta ikaphulika, mnofu wonse umapsa, ndipo m'moto muja mumatuluka mafupa achitsulo a maso ofiira, akutsimphina koma osaima. Kyle amafa m'fakitale atadula robotiyo pakati ndi bomba lopanga yekha, ndipo Sarah ndiye amaimaliza poiphwanya ndi makina opsinjira zitsulo.

Mfundo imene imasokoneza mitu m'nyumba za vidiyo imabwera pamapeto. Sarah ali ndi pathupi, ndipo mwini mimbayo ndi Kyle. Ndiye kuti John anatuma bambo ake omubereka, amene m'chaka cha 2029 anali wamng'ono kwa iye, kuti apite akamubereke. Ndipo kompyuta, pofuna kuletsa kubadwa kwa mdani wake, ndiyo inachititsa kuti abadwe. Akanakhala kuti roboti sinatumidwe, Kyle sakanapita, ndipo John sakanakhalako.

Dalaivala wa lole amene analota

Amene analemba ndi kutsogolera filimuyi ndi James Cameron, wobadwira ku Canada mu 1954. Asanalowe m'zakanema ankayendetsa lole. Ntchito anaiphunzirira kwa Roger Corman, mkulu wa mafilimu otsika mtengo ku America, amene ankadziwika ndi kujambula filimu m'masiku ochepa ndi kugwiritsanso ntchito zipangizo za filimu yapita. Kwa Corman, Cameron ankapanga tizombo tam'mlengalenga ta filimu ya 1980 yotchedwa Battle Beyond the Stars. Kumeneko nkumene anakumananso ndi Gale Anne Hurd, mayi amene anadzayendetsa za chuma cha The Terminator.

Malinga ndi mmene iye mwini wakhala akufotokozera, nkhaniyi inamubwerera ali mumzinda wa Roma, akudwala ndi kutentha thupi, pa nthawi ya filimu yake yoyamba, Piranha II, imene sinamuyendere bwino. Analota chifuwa chachitsulo chikudzikoka pansi kutuluka m'moto. Atalemba nkhaniyo anaigulitsa kwa Hurd pa mtengo wa dola imodzi, pa pangano lakuti wotsogolera akhale iyeyo basi.

Kupeza ndalama kunafuna chinyengo pang'ono. Popita kukakumana ndi mkulu wa kampani ya Hemdale, John Daly, Cameron anatsogoza mnzake Lance Henriksen atavala jekete lachikopa, atapaka mabala abodza kumaso ndi kumata pepala lagolide m'mano. Henriksen anatsegula chitseko cha ofesi ndi mwendo nkukhala pampando. Ndalama zinapezeka. Koma udindo wa roboti sunapite kwa Henriksen, unapita kwa Schwarzenegger, mbadwa ya ku Austria yotchuka ndi mipikisano yokuza minofu, amene poyamba ankamuganizira pa udindo wa Kyle. Chingerezi chake chinali cholemera, koma kwa makina chinali choyenera, ndipo m'filimu yonse amalankhula mawu osakwana 100. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene filimuyi inayendera bwino kumadera kumene Chingerezi sichimveka: mdani salankhula, amangoyenda.

Panabukanso mlandu. Wolemba nkhani wina, Harlan Ellison, anadandaula kuti filimuyi inatenga maganizo ake a mu sewero la pa wailesi yakanema la 1964 lotchedwa Soldier, lonena za msilikali wa m'tsogolo wogwera m'nthawi yathu. Nkhaniyo inathera kunja kwa khoti, ndipo dzina la Ellison linawonjezedwa kumapeto kwa filimu. Cameron sanasangalale nazo.

Nzeru za wopanda ndalama

Pano mpamene pagona nkhani. Nchifukwa chiyani opanga mafilimu osauka amakonda kwambiri maroboti ndi maulendo a nthawi, zinthu zimene zimaoneka ngati zodula kuposa zonse?

Yankho lake nlakuti zinthu ziwirizi ndizo zimapulumutsa ndalama. Kuonetsa dziko la m'tsogolo kumafuna kumanga mizinda, magalimoto ndi zovala zimene kulibe. Koma mukanena kuti munthu wa m'tsogolo wabwerera ku nthawi yathu, simumanga kanthu: mumajambula m'misewu imene ilipo kale, ndi magalimoto amene alipo kale. Chimodzimodzi ndi roboti. Kupanga makina oyenda ndi miyendo iwiri nkovuta ndiponso nkodula. Koma mukanena kuti makinawo avala khungu la munthu, mumangofuna mwamuna wamkulu thupi, jekete ndi magalasi akuda. Cameron anawonjezera lamulo lakuti chodutsa m'makina a nthawi chiyenera kukhala chamoyo kapena chokutidwa ndi mnofu wamoyo, nchifukwa chake onse awiri amafika ali maliseche, opanda mfuti za m'tsogolo. Lamulo limeneli linapatsa nkhani mphamvu, komanso linachotsa mtengo wa mfuti zimenezo. Makina a nthawiwo saonetsedwa nkomwe. Woonera amangoona mphenzi ndi mphepo youlutsa zinyalala.

Dziko la 2029 limaoneka kwa mphindi zochepa chabe, ndipo nthawi zonse ndi usiku, chifukwa mdima ndi utsi zimabisa zambiri. Akasinja ndi ndege za Skynet zinali zidole zazing'ono zojambulidwa pafupi. Lole ya mafuta imene imaphulika inalinso chidole chachitali pang'ono kuposa munthu. Mafupa achitsulo anapangidwa ndi gulu la Stan Winston. Pamene akuoneka kuyambira m'chiuno kupita kumutu, anali chidole chachikulu chonyamulidwa ndi munthu. Pamene akuoneka thupi lonse akuyenda, chinali chidole chaching'ono chimene ankachisuntha pang'ono, kujambula chithunzi chimodzi, kuchisunthanso, kujambulanso, mpaka zithunzizo zitalumikizana nkukhala kuyenda. Kutsimphina kwa robotiyo kunathandiza kubisa kugwedezeka kwa chidolecho.

Nyimbo yake, imene imamveka ngati nyundo pa chitsulo, anaipanga munthu mmodzi, Brad Fiedel, pa makina oimbira a magetsi, popanda gulu la oimba. Linda Hamilton, amene ankasewera Sarah, anabinya phazi atatsala pang'ono kuyamba, ndipo anathamanga zochuluka za filimuyo ali womanga bandeji. Chithunzi chomaliza, cha Sarah akuyendetsa galimoto m'chipululu, anachijambula opanda chilolezo, ndipo wapolisi atawapeza anamuuza kuti ndi ntchito ya ana a sukulu ya ukachenjede.

Mu 1991 Cameron anatulutsa Terminator 2 ndi ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni, imene panthawiyo inali filimu yodula kuposa zonse. Muli roboti yosungunuka ngati mtovu, yojambulidwa ndi kompyuta, ndipo Komando wasanduka mtetezi wa mwana. Ndi filimu yokongola, koma mantha a yoyamba ija mulibe. Ndalama zitachuluka, mdima unachepa. Cameron anadzapanganso Titanic mu 1997 ndi Avatar mu 2009, ndipo Schwarzenegger anakhala bwanamkubwa wa California kuyambira 2003 mpaka 2011.

Otsanzira

Makampani ang'onoang'ono sanachedwe. Kaseti ya vidiyo ya VHS, imene kampani ya ku Japan ya JVC inatulutsa mu 1976, inali itafala, ndipo filimu sinkafunikanso kudutsa m'nyumba ya kanema kuti ipeze ndalama. Chofunika chinali chikuto chokopa: nkhope theka munthu theka chitsulo, diso lofiira ndi mfuti yaikulu. Zam'kati zinali nkhani ina.

Charles Band anatulutsa Trancers, ya wapolisi wa m'chaka cha 2247 amene amabwerera ku Los Angeles wa 1985 polowa m'thupi la kholo lake. Apa ngakhale thupi silinafunike kuyenda. Ku Italy, Bruno Mattei anapanga filimu mu 1989 nkuitcha Terminator II, zaka ziwiri Cameron asanatulutse yake, ngakhale nkhani yake yambiri inatengedwa ku filimu ina ya Cameron yemweyo, Aliens. Ku Indonesia anapanga Lady Terminator, mmene wakuphayo ndi mkazi wogwidwa ndi mzimu wa mfumukazi ya m'nyanja ya m'nthano za kumeneko, osati makina. Zina zonse anangotsata mapazi a filimu ya 1984. Mchitidwewu sunathe: mu 2009, pamene filimu yachinayi ya Terminator inkatuluka, kampani ya The Asylum inatulutsa yake yotchedwa The Terminators, kusiyana kwake chilembo chimodzi.

Katswiri wa ntchito yotere anali Albert Pyun wa ku Hawaii, amene anamwalira mu 2022. Kampani ya Cannon inali itamanga kale malo ojambulira ndi kusoka zovala za mafilimu awiri amene analephereka, ina ya Spider-Man ndi ina yotsatira Masters of the Universe. Pofuna kuti zinthuzo zisawonongeke, Pyun analemba nkhani yatsopano yozungulira zovala ndi makoma omwewo. Inatuluka mu 1989 ndi dzina lakuti Cyborg, yopangidwa ndi madola pafupifupi 500,000, ndipo inathandiza kutchukitsa Jean-Claude Van Damme. Oimba magitala akhoza kuseka: mayina a anthu a m'filimuyi, monga Gibson ndi Fender, anatengedwa ku mitundu ya magitala. Koma kufulumira kuli ndi mtengo wake. Wosewera mmodzi anavulala diso pojambula ndewu ya mipeni, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti.

Pyun yemweyo anabweretsa ulendo wa nthawi ku Africa. Mu Nemesis 2, ya 1995, mayi wa m'tsogolo amathawitsa khanda lake ku maroboti nkulifikitsa kummawa kwa Africa m'chaka cha 1980, kumene limaleredwa ndi anthu a m'mudzi mpaka roboti yolisaka itafika patapita zaka 20. Africa wa m'filimuyi alibe dzina la dziko, alibe sukulu kapena msika, ali ndi mikondo, zigawenga ndi fumbi basi. Anasankhidwa chifukwa chipululu sichilipiritsa lendi.

Mafilimu ena a mtundu uwu anajambulidwa pafupi ndi kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a msonkho a boma la tsankho la South Africa ankapindulitsa aliyense woika ndalama m'mafilimu, ndipo makampani akunja anathamangira kumeneko pamene mayiko ambiri ankakana kuchita malonda ndi dzikolo. Zinali zaka zomwezo zimene asilikali a boma limenelo ankathandiza Renamo pa nkhondo ya m'dziko muno. Space Mutiny ya 1988 inajambulidwa m'nyumba za mafakitale zimene ankati ndi m'kati mwa chombo, ndipo zithunzi za zombo zouluka anazitenga ku sewero la ku America la Battlestar Galactica. M'filimu imeneyi mayi wina amaphedwa, kenaka amaonekanso atakhala pa desiki yake ngati palibe chachitika. Cyborg Cop ya 1993, ya kampani ya Nu Image, imanena za chilumba cha ku Caribbean, koma nthaka yake ndi ya South Africa.

Mmene anafikira kumidzi

Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, imene inkapanga nkhani za pa kanema zotchedwa Kuxa Kanema ndi kuzitumiza kumidzi pa magalimoto onyamula makina ndi chinsalu. Nkhondo inatseka misewu, magalimotowo analeka kuyenda, ndipo mu 1991 moto unawononga nyumba ya bungweli ku Maputo. Wailesi yakanema inayamba mongoyesa mu 1981, koma inkaoneka ku Maputo kokha. Ku Malawi kunalibe wailesi yakanema ya dzikolo mpaka 1999.

Mpata umenewo unadzazidwa ndi kaseti. Munthu wokhala ndi TV, makina a vidiyo, jenereta kapena batire ya galimoto, mabenchi angapo ndi chipinda chotchinga mawindo anali ndi nyumba ya kanema. Pofika 1992 ku Malawi kunali anthu a dziko lino othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ambiri a iwo ochokera m'chigawo cha Tete, atakhala m'maboma monga Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, misika ya m'malire inadzuka, ndipo makaseti ankawoloka pamodzi ndi sopo, shuga ndi zitenje. Eni mavidiyo ankasankha mafilimu amene munthu angawatsate popanda kumva chilankhulo, ndipo roboti yothamangitsa munthu sifuna womasulira.

Kampani yomaliza yopanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Lero mafilimu omwewo amayenda m'timakadi ta foni, ndipo sola yatenga malo a jenereta m'malo ambiri. Chinanso chasintha: anyamata a ku Malawi amaika mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu akunja, nthawi zina akumasulira, nthawi zina akupeka nthabwala zawo ndi kupatsa anthu a m'filimu mayina a kumudzi. Ntchito yawo ndi yofanana ndi ya Pyun ndi anzake, kutenga zimene zilipo nkupanga chogulitsika.

Makolo ayenera kudziwa chinthu chimodzi. Kwawo ku America, The Terminator inapatsidwa chilembo R, kutanthauza kuti mwana wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa popanda kholo kapena munthu wamkulu. Muli kung'amba chifuwa cha munthu ndi dzanja, muli roboti ikudzikolowola diso ndi mpeni patsogolo pa galasi. Pakhomo la vidiyo palibe wofunsa zaka, ndipo pa foni palibe ngakhale khomo. Kale mwana ankafunika kupeza ndalama yolowera, ndipo kholo linkadziwa kumene ali. Lero amaonera ali pa mphasa m'nyumba.

Zoona ndi ziti?

Funso limene ana amafunsa aphunzitsi nlakuti kodi zimenezi zingachitike. Pa ulendo wobwerera m'mbuyo, yankho nlakuti palibe munthu kapena chinthu chinachitapo, ndipo palibe makina otero. Maganizowa anatchuka ndi buku la H. G. Wells la 1895, The Time Machine, ndipo akadali nthano. Chimene sayansi inatsimikiza, kuchokera pa ntchito ya Albert Einstein ya 1905 ndi 1915, nchakuti nthawi siyenda mofanana paliponse. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS, amene amauza foni pamene ili, amatsogola tsiku lililonse ndi magawo 38 a sekondi yogawidwa ka miliyoni, ndipo akatswiri amayenera kuwakonza kuti mapu asasokere. Kumeneko nkutsogola pang'ono, si kubwerera kukaona agogo ali anyamata.

Za maroboti nzosiyana. Amene anafikapo ku Blantyre kapena ku Harare amadziwa maloboti ngati magetsi a pamsewu, koma liwuli linachokera kwina. Linatuluka mu sewero la 1920 la Karel Čapek wa ku Czechoslovakia, lotchedwa R.U.R., ndipo muzu wake, robota, umatanthauza ntchito yokakamiza imene mlimi ankagwirira mwini nthaka. Agogo a kuno ankaitcha chibalo, a kutsidya ankaitcha thangata. M'sewero limenelo antchito opangidwa m'fakitale amaukira mabwana awo. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi, nkhani ya roboti inali nkhani ya mantha a bwana pa wantchito wake.

Maroboti enieni a lero ambiri ndi mikono yachitsulo yowotcherera magalimoto m'mafakitale, ndipo saoneka ngati munthu. Kompyuta yodana ndi anthu ngati Skynet kulibe. Tsiku la 29 Ogasiti 1997, limene Terminator 2 inati mabomba adzagwa, linadutsa ngati masiku ena. Chimene chilipo ndi zida zotha kusankha zokha chowombera. Lipoti la akatswiri a bungwe la United Nations la 2021 linanena kuti ku Libya, mu 2020, tindege topanda woyendetsa ta mtundu wa Kargu-2, topangidwa ku Turkey, tinasaka asilikali othawa, ndipo tinali titakonzedwa kuti tiziukira popanda kulumikizana ndi munthu. Mu Okutobala 2023 mlembi wamkulu wa bungweli, António Guterres, pamodzi ndi mtsogoleri wa Red Cross, anapempha mayiko kuti apange pangano loletsa ndi kuchepetsa zida zotere, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mayiko 152 anavomereza chigamulo choyamba cha msonkhano waukulu pa nkhaniyi.

Koma anthu a m'chigawo cha Tete safunika kupita ku Libya kuti adziwe makina opha popanda munthu. Bomba lokwirira, limene ambiri amalitcha mina, lilibe maso ofiira ndipo siliyenda, koma khalidwe lake ndi lomwelo: silitopa, silimva kupepesa, silisiyanitsa msilikali ndi mwana wokatola nkhuni, ndipo silidziwa kuti nkhondo inatha. Nalonso limachokera ku nthawi ina, kungoti limachokera m'mbuyo. Apwitikizi anatchera mabombawa mozungulira damu la Cahora Bassa, asilikali a Rhodesia anawatchera m'malire a Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo pa nkhondo ya zaka 16 mbali zonse ziwiri zinawakwirira m'misewu, m'milatho ndi pa zitsime. Anthu obwerera kwawo 1992 itadutsa anawapeza akudikira m'minda.

Pangano la mayiko loletsa mabombawa linasainidwa ku Ottawa mu 1997, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko olivomereza unachitikira ku Maputo mu Meyi 1999. Pa 17 Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira m'dziko muno ayeretsedwa, bungwe la HALO Trust lokha litachotsa oposa 171,000. Mawu akuti odziwika ndi ofunika. Zotsalira za nkhondo zimafukukabe nthawi ndi nthawi mvula ikakokolola nthaka, ndipo wopeza chitsulo chachilendo m'munda asachikhudze kapena kuchitenga kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Aike chizindikiro patali ndi kudziwitsa amfumu ndi apolisi.

Pa ntchito yochotsa mabombayo, pambali pa anthu ogwada ndi makina ofufuzira zitsulo, panalinso agalu onunkhiza, monga m'filimu muja. Panalinso nyama imene Cameron sanaiganizire. Bungwe la ku Belgium lotchedwa APOPO linaphunzitsa abwampini ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kuti azinunkhiza mankhwala ophulika, ndipo linawagwiritsa ntchito m'chigawo cha Gaza ndi madera ena a dziko lino. Bwampini ndi wopepuka moti akaponda bomba siliphulika. Akamva fungo amakanda nthaka pamalopo, ndipo malipiro ake ndi nthochi kapena mtedza.